Cholembedwa chimakoma chikagonera

Paja amati mawu a akulu amakoma akagonera. Nazo zolembalemba zili chimodzimodzi: zimene usiku zimaoneka zosalala, kukacha zimaonetsa zigamba zake. Koma m'maofesi ambiri a mabungwe a zachitukuko, kapepala ka uthenga kamalembedwa m'Chingerezi m'mawa, kumasuliridwa masana, madzulo n'kukhala kali kale kwa osindikiza. Kuwerenganso kumatengedwa ngati kutaya nthawi.

Ndi pa nkhani za umoyo pamene kuthamanga kotereku kumapweteka kwambiri. Mliri wa kolera umene unabuka m'Malawi mu 2022 unapha anthu oposa 1,700, ndipo chimodzi mwa zida zolimbanira ndi matendawa ndi madzi a mchere ndi shuga a ORS. Mlembi wothamanga atha kulemba kuti, "Sungunulani paketi m'madzi okwanira." Chiganizochi chilibe vuto pa galamala, komabe mayi amene mwana wake walefuka pakati pa usiku sichimuuza kanthu. Okwanira ndi ochuluka bwanji? Madzi akachepa, mchere umachuluka, mwana uja n'kudwalirapo. Wokonza zolembedwa amafufuta mawu akuti "okwanira" n'kuikapo "lita imodzi ya madzi owiritsa", osaiwala kuti otsala atayidwe pakatha maola 24.

Komatu asanalembe nambalayo, ayenera kuigwira paketiyo m'manja. Ku Katete m'dziko la Zambia, kumene Achewa ndi ambiri, kunafika mu 2012 kabokosi ka Kit Yamoyo, kamene timapaketi take tinali tosungunula m'mamililita 200 okha. Uthenga wolondola ku Mchinji ukanasokeretsa mayi wa kutsidya kwa malire, ngakhale chilankhulo n'chimodzi.

Manambala akakhala m'malo, ntchito imatsalira khutu. Chichewa cholembedwa sichionetsa kukwera ndi kutsika kwa liwu: "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika amalembedwa mofanana, monganso "khungu" la pathupi ndi "khungu" la maso. N'chifukwa chake mlembi wodekha amapatsa munthu wina, amene sanakhale nawo pamsonkhano wokonza uthengawo, kuti awerenge mokweza. Pamene wowerengayo wadodoma kapena wabwerera m'mbuyo, pamenepo pali chitsa chofunika kuzula. Akamaliza, afunsidwe kuti anene m'mawu akeake chimene pepalalo likumuuza kuti achite. Akanena zina, wolakwa si iye.

Kalembedwe ka zilembo kamabwera kumapeto, ndipo kali ndi poyambira: malamulo amene bungwe la Chichewa Board linakonzanso mu 1990.

Zonsezi zimadya tsiku limodzi kapena awiri. Amene amagawa ndalama za ntchito angachite bwino kuwerengera masikuwa m'ndondomeko, pakuti kapepala kolakwika kakangomatidwa pakhoma la chipatala, palibenso amene angakatsatire mudzi ndi mudzi kuti akakakonze.