Batire la pikapu sindibwereketsanso

Abale anga a m'mudzi muno ndi inu a m'tauni, ndinene poyera kuti amene akwiye akwiyiretu: batire la pikapu yanga silichokanso m'galimoto. Kaya ndi chinkhoswe, kaya mpira, kaya kutchaja mafoni, musabwere.

Loweruka anyamata anadzalibwereka kuti akaimbire masipika ku ukwati. Analibweza Lamlungu madzulo, n'kulimangirira okha. Usiku womwewo mlamu wanga anagogoda kuti akunyumba kwawo matenda ayamba, tithamangire kuchipatala. Nditapotokola kiyi, galimoto inangoti ke-ke-ke. Tinakankha anthu asanu mumdima, mayi akubuula pamphasa kumbuyo. Mwamwayi inalira pamtsetse wa kudambo, ndipo mwana anabadwira kuchipatala. Nanga pakanapanda mtsetse?

Kutacha nzeru zinachuluka. Ena amvekere galimoto aitsirika a nsanje. Mphwanga wa ku Lilongwe anaimba foni: "Achimwene, gulani latsopano, ndituma ndalama." Zikomo mphwanga, koma batire silinafe. Linaphwa moto, ndipo waya wina anangomukoleka osamanga ndi sipanala.

Musanatchule mfiti kapena kutaya ndalama, yatsani magetsi akutsogolo, wina aime patsogolo, inu mupotokole kiyi. Magetsi akazimirira, ndiye kuti batire laphwa kapena mawaya sakugwira bwino. Akamawalabe bwinobwino koma injini ili zii, kayikirani sitata kapena mawaya ake. Kenako tsegulani boneti, mugwedeze pomwe mawaya amangidwa pabatire. Pakagwedera, mangani. Mukaona ufa woyera kapena wobiriwira, tsukani ndi madzi otentha osakaniza ndi soda, yemweyu wa therere.

Ikakanabe, makaniko abwere ndi mita. Batire lodzaza bwino limawerenga 12.6 injini ili chozima. Injini ikulira, mita iziwerenga pafupifupi 14. Ikangokhala pa 12, olitaneta sikutchaja, mwinanso fanibelo yakhwefuka. Pamenepo ngakhale mugule latsopano, pakutha masiku owerengeka mukankhanso. Makaniko amene akukuuzani kuti batire latha asanayeze n'komwe, akufuna lanulo akagulitse.

Tsono mvetsani chomwe ndikukanira. Batire la galimoto analipangira kuti lipereke moto wambiri kwa kamphindi, injini ikalira olitaneta n'kubwezera. Silofanana ndi la sola lija lopirira kuphwa. Mukaliimbitsa masipika usiku wonse mpaka litheretu, limafooka mkati, ndipo mukabwereza kangapo silidzazanso. Ena likauma mumathira madzi a pamjigo, pamene limafuna madzi ake ogula aja. Kuzizira kwa Juni kukafika ndi pamene kufooka konseko kumaonekera, nthawi yomwe ine ndikufuna kulawira ndi tomato ku Lizulu.

Ndikudziwa muziti mkuluyu wayamba kuumira. Nenani. Koma galimoto m'mudzi muno ndi imodzi. Ndi yomweyi imanyamula odwala, maliro ndi feteleza wanu. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo sindifuna kudzaima pamanda n'kumafotokoza kuti batire linali kudansi.

Inu a m'tauni, ngati mukufunadi kuthandiza, sonkhani mugulire anyamatawa sola ndi batire lake, azivina mpaka mbandakucha. A mfumu ndawauza kale. Wodwala abwere nthawi iliyonse, ngakhale pakati pa usiku, ndidzuka. Wofuna batire asavutike n'kuodira.