Caka cimene baseball inasowa akatswili: osewela sanalakwe

Pa 14 September 1994, akulu-akulu a ligi ya baseball ku America analengeza kuti caka cimeneco sikudzakhala World Series, masewela othela amene amapeleka cikho ku timu yopambana. Kucokela mu 1905 masewela amenewa anali kucitika caka ciliconse. Nkhondo ziwili za dziko lonse sizinawaimitse. Mu 1989 civomezi cinagwedeza mzinda wa San Francisco gemu ili pafupi kuyamba, koma patapita masiku 10 anapitiliza. Cimene cinawaimitsa mu 1994 ni sitalaka ya osewela, imene inayamba pa 12 August n'kutenga masiku 232.

Mpaka lelo anthu ambili akamakamba za caka cimeneco amati linali dyela cabe: anthu olemela kale kukana kugwila nchito cifukwa cofuna zambili. Ine nikuona mosiyana. Osewela aja anacita bwino kunyanyala, olo kuti cinthu cimene anaononga cinali cokongola ngako.

Kwa ise amene tinakulila pa bola, baseball ni sewelo lacilendo, koma silovuta kumva. Wina amaponya kampila kolimba, wina amakamenya na ndodo n'kuthamanga kuzungulila malo anayi kuti agoletse. Akakamenya mpaka kutuluka kuseli kwa mpanda wa bwalo, imeneyo ni home run. Timu iliyonse imasewela magemu 162 pa sizoni, pafupi-fupi tsiku lililonse. Mu 1994 ligi inali na matimu 28, ndipo awili anali a ku Canada.

Sizoni ya 1994 inali yokoma kuposa zambili. Tony Gwynn wa San Diego Padres anali kumenya pa .394, kutanthauza kuti pa mipata 1,000 iliyonse anali kumenya bwino maulendo 394. Munthu wothela kufika pa .400 anali Ted Williams mu 1941, ndipo mpaka lomba palibe wina amene wafikapo. Matt Williams wa San Francisco Giants anali na ma home run 43, kuthamangitsa 61 amene Roger Maris anamenya mu 1961. Onse awili anali atatsala na magemu oposa 40.

Koma nkhani yowawa kwambili ni ya Montreal Expos. Timu imeneyi inali imodzi mwa matimu osauka mu ligi, ndipo m'mbili yake yonse inali itafika kamodzi cabe m'masewela a kumapeto kwa sizoni, mu 1981. Mu 1994, pansi pa mphunzitsi Felipe Alou wa ku Dominican Republic, inali na anyamata acicepele monga Pedro Martínez, Larry Walker, Marquis Grissom na Moisés Alou, mwana wa mphunzitsiyo. Pa tsiku la sitalaka inali itawina magemu 74 n'kuluza 40. Panalibe timu ina yoiposa mu ligi yonse, olo New York Yankees. Anthu a ku Montreal anali atayamba kudzaza bwalo. Basi sizoni inathela pamenepo.

Manje cinacititsa n'ciani? Pangano la pakati pa eni matimu na bungwe la osewela linatha pa 31 December 1993, ndipo sizoni ya 1994 inayamba popanda pangano latsopano. Mu June eni matimu anabweletsa zofuna zawo. Anafuna kuika malile pa ndalama zimene timu ingalipile osewela ake onse pamodzi. Anafunanso kucotsa dongosolo limene wosewela na timu yake akasiyana pa malipilo amapita kwa munthu wapadela kuti aweluze. Zokambilana zili mkati, anakana kuika madola 7.8 miliyoni m'thumba la penshoni na cithandizo ca osewela. Osewela anaona kuti akayembekezela sizoni kutha, mabwana adzakhala atatenga kale ndalama za World Series, ndipo adzangoika malamulo awo popanda wowaletsa. Mphamvu ya wanchito ili pa nthawi imene bwana akumufuna kwambili. Ndiye cifukwa cake anasankha August.

N'zoona kuti anthu amenewa sanali amphawi. Malipilo apakati-kati anali pafupi-fupi madola 1.2 miliyoni pa caka, ndipo wolandila zocepa kwambili anali kutenga madola 109,000. Munthu amene amagulitsa salaula kapena kuyendetsa minibasi akamva manambala amenewa sangamve cifundo, ndipo sinimuimba mlandu. Koma funso loyenela ni lakuti ndalama zimene sizipita kwa wosewela zimapita kwa ndani. Sizibwelela kwa wogula tikiti. Zimatsala m'thumba la mwini timu, munthu wolemela kuposa osewela akewo, amene palibe aliyense analipilapo ndalama kuti akamuone atakhala mu ofesi.

Kuti timve cifukwa cake osewela anaumilila, tifunika kubwelela kumbuyo. Kwa zaka pafupi-fupi 100, wosewela wa baseball anali monga katundu wa timu yake. Kontilakiti ikatha, analibe ufulu wopita kwina. Timu inali kumusunga, kumugulitsa kapena kumusinthanitsa mmene yafunila. Mu 1969 Curt Flood, munthu wakuda amene anasewelela St. Louis Cardinals kwa zaka 12, anauzidwa kuti wapelekedwa ku Philadelphia. Iye anakana, n'kupita ku khoti. Mu 1972 analuza mlandu ku khoti yaikulu ya dzikolo, ndipo nchito yake inali itatha kale. Koma cimene anayamba sicinafe. Mu 1975 woweluza wapadela Peter Seitz anagamula mokomela osewela awili, Andy Messersmith na Dave McNally, ndipo kucokela pamenepo wosewela amene wagwila zaka zokwanila anakhala na ufulu wosankha timu. Mu bola ya ku Europe ufulu wotele unabwela mocedwa, mu December 1995, pa mlandu wa Jean-Marc Bosman wa ku Belgium. Nthawi zonse mukamva kuti wosewela wapita ku timu ina mwaulele kontilakiti yake itatha, ni zipatso za milandu ya mtundu umenewu.

Eni matimu a baseball sanaulandile ufulu umenewu na mtima umodzi. Mu 1985, 1986 na 1987 anapangana mwakabisila kuti asamalimbilane osewela amene makontilakiti awo atha, kuti malipilo atsike. Akatswili odziwika anali kudikila foni imene siinali kulila. Nkhaniyo itafufuzidwa, anapezeka olakwa pa zaka zonse zitatu, ndipo mu 1990 anavomela kulipila osewela madola 280 miliyoni. Mlandu suola. Patangopita zaka zinayi, anthu amodzi-modziwo anabwela n'kukamba kuti ligi ilibe ndalama, osewela awakhulupilile. Kuwonjezela apo, amene anali kutsogolela ligi, Bud Selig, anali mwini wa timu ya Milwaukee Brewers. Anakhala pa mpandowo mu 1992 eni matimu atakankhila kunja Fay Vincent. Ganizilani gemu imene lefali ni mwini wa timu imodzi mwa matimu amene ali m'bwalo. Imwe mukanasaina?

Mabwana anali na mfundo imodzi yolimba, ndipo siyenela kubisidwa. Matimu a m'mizinda ikulu-ikulu monga New York anali kupeza ndalama zambili za pa TV kuposa a m'mizinda ing'ono-ing'ono, ndipo panali mantha akuti olemela adzagula akatswili onse. Vuto limeneli linalipo ndithu. Koma mankhwala ake anali m'manja mwa eni matimu okha-okha: olemela kugawilako osauka. Iwo anavomelezana kuti adzagawana pokhapo ngati osewela avomela malile pa malipilo. Mwa mau ena, mkangano unali wa mabwana, koma wolipila anafuna kuti akhale wanchito. Ndipo caka cimeneco timu imene inali patsogolo pa onse inali Montreal yosaukayo.

Zimene zinacitika pambuyo pake zionetsa amene anali kuphwanya malamulo. Mu December 1994 eni matimu anaika okha malile aja popanda pangano. Anawacotsa mu February, koma n'kusinthanso mbali zina za pangano lakale mwa iwo okha. Pulezidenti Bill Clinton anayesa kuyanjanitsa mbali ziwilizi, osaphula kanthu. Ndiyeno mabwana anayamba kulemba anthu ena kuti asewele m'malo mwa onyanyala. Si onse anavomela. Peter Angelos, mwini wa Baltimore Orioles, amene anali loya woimila mabungwe a anchito, anakana kupanga timu yotelo. Sparky Anderson, mphunzitsi wa Detroit Tigers, anakana kuiphunzitsa. Olo Michael Jordan, amene pa nthawiyo anali atasiya basketball n'kumasewela baseball mu ligi yaing'ono ku Birmingham Barons, sanafune kugwilitsidwa nchito pophwanya sitalaka. Mu March 1995 anabwelela ku Chicago Bulls.

Cofunika kwambili n'cakuti osewela a mu ligi yaikulu anagwilizana mpaka pothela. Wolandila mamiliyoni na wolandila zocepa anataya malipilo pamodzi. Akatswili amene anali na makontilakiti aatali analibe cambili copindula pa nkhondoyi, cifukwa ndalama zawo zinali zolembedwa kale. Anali kutetezela amene adzabwela pambuyo pawo, monga mmene Curt Flood anawatetezela iwo. Cala cimodzi siciswa nsabwe.

Pa 31 March 1995, jaji Sonia Sotomayor wa ku New York analamula eni matimu kubwezela malamulo a pangano lakale mpaka pamene mbali zonse zidzagwilizana. Osewela anabwelela ku nchito, ndipo sizoni ya 1995 inayamba kumapeto kwa April na magemu 144. Jaji ameneyu ndiye anasankhidwa mu 2009 kukhala mu khoti yaikulu ya America. Pangano latsopano linabwela kumapeto kwa 1996. Munali kugawana ndalama pakati pa matimu, munalinso msonkho wa matimu olipila kwambili, koma malile aja munalibe. Cinthu cimene mabwana anati sicingatheke popanda kumanga malipilo cinatheka.

Sinikamba kuti sitalaka inalibe ovulala. Magemu oposa 900 sanaseweledwe. Ogulitsa zakudya m'mabwalo, osesa, alonda na ong'amba matikiti anakhala miyezi opanda nchito, ndipo iwo analibe mamiliyoni osunga. Ocemelela anakwiya. Mu 1995 ciwelengelo ca anthu obwela ku gemu iliyonse cinatsika na pafupi-fupi 20 pelesenti, ndipo ku New York amuna atatu analumphila m'bwalo n'kuyamba kuponyela osewela ndalama zamapepala powanyoza.

Montreal ndiye inavulala koposa. Sitalaka itangotha, eni ake anati alibe ndalama, ndipo m'masiku ocepa anapeleka John Wetteland, Ken Hill na Marquis Grissom ku matimu ena. Larry Walker anapita ku Colorado. Caka comweco Grissom anatenga cikho na Atlanta Braves, ndipo mu 1996 Wetteland anacitenga na Yankees. Expos inathela pansi pa gulu lake mu 1995. Pedro Martínez nayenso anapelekedwa ku Boston kumapeto kwa 1997. Anthu analeka kubwela ku bwalo, ndipo mu 2005 timu inasamukila ku Washington n'kusintha dzina kukhala Nationals. Ana a ku Montreal amene anabadwa pambuyo pake akula alibe timu. Koma ngakhale pano tione bwino amene anapanga zosankha. Amene anagulitsa anyamata aja ni eni timu. Amene anavomeleza kusamuka ni eni matimu anzawo.

Cimene nifuna kuti titengepo ni ici. Sitalaka ikacitika, diso lathu limathamangila kwa amene waleka nchito, cifukwa ndiye amaoneka. Bwalo likakhala lopanda anthu, timaona kuti wosewela palibe. Sitiona mwini timu amene wasintha pangano ali mu ofesi, kapena amene wagwila ndalama za penshoni. Ndipo ngati wonyanyalayo amalandila zambili kuposa ise, nsanje imatimaliza, timaima kumbali ya bwana osadziwa.

Ambili a ise tikugwila nchito zopanda pepala lililonse: kuimba pa maphwando, kujambula, kusewela bola m'matimu a m'komboni, kugulitsa mu shopu ya munthu wina. Timauzidwa kuti tiyamikile mwayi, ndalama zidzabwela zinthu zikakhala bwino. Osewela a baseball nawonso anauzidwa zimenezo kwa zaka pafupi-fupi 100, ndipo sizinasinthe cifukwa ca cifundo ca mabwana. Zinasintha pamene anapanga bungwe lolimba, n'kuyamba kuwelenga zimene akusaina, n'kulolela kutaya sizoni yabwino kwambili m'malo mobweza ufulu umene wina anautayila nchito yake.

Conco tsiku lina mukamva kuti anchito ena anyanyala, musayambe na kufunsa kuti amalandila zingati. Funsani kuti pangano linali lotani, ndipo ni ndani anayamba kulisintha mnzake asanavomele.