Ndege ya ku London idikire kaye

Tikamacheza kuhositelo za Malawi Airlines, nkhani imathera pa funso limodzi: a Tanzania ali ndi Dreamliner, a Uganda ali ndi Airbus, nanga ife tidzakhala liti ndi ndege yaikulu yochoka ku Lilongwe kukatera ku London osaima pena? Kenako anyamata amagawikana, ena Boeing 787, ena Airbus A330neo, ngati akukangana za Bullets ndi Wanderers. Ine maganizo anga ndi akuti zonse ziwiri tizisiye kaye.

Ndege zimenezi, zokhala ndi tinjira tiwiri pakati pa mipando, zimanyamula anthu oposa 250. Phindu limabwera pokhapokha mipando ikamadzaza ulendo uliwonse, popita ndi pobwera, chaka chonse. Mu Disembala abale athu a ku Britain akhoza kuidzaza. Nanga mu Febuluwale?

Taonani a Uganda. Analandira ndege ziwiri za A330-800, yoyamba mu Disembala 2020, cholinga chachikulu chili London. Ulendo woyamba wa ku Gatwick unachitika mu Meyi 2025. Zaka zinayi zonsezo ndege zinkafuna kukonzedwa, inshuwalansi ndi malipiro a oziyendetsa. Chinanso, mtundu umenewu anagula makampani ochepa kwambiri, monga Kuwait Airways ndi Air Greenland, ndiye tsiku lofuna kuigulitsa ogula ake ndi owerengeka. Komanso ukakhala ndi ziwiri zokha, imodzi ikalowa kokakonzedwa ndiye kuti theka la maulendo ako aatali laima.

Anansi athu a ku Zambia anayesapo kale. Mu 1984 Zambia Airways inalandira DC-10 imene anaipatsa dzina loti Nkwazi, ndipo inkafika mpaka ku New York. Pomatha 1994 kampaniyo inali itatsekedwa. Ifenso Air Malawi inkapita ku London ndi VC10 m'zaka za m'ma 1970, koma ulendowo sunakhalitse, ndipo kampaniyo inathetsedwa mu 2013 ili m'ngongole.

Wina anena kuti bwanji Ethiopian Airlines zikuyiyendera. Zoona, ndi iwo anayamba kuyendetsa 787 mu Africa muno mu 2012, ndipo A350 anabweretsa mu 2016. Koma ndege yawo ya ku London sidzaza ndi anthu a mu Addis Ababa okha. Imadzaza ndi ochokera ku Lilongwe, Lusaka, Harare, Entebbe ndi mizinda ina yambirimbiri amene amasonkhanitsidwa ndi ndege zing'onozing'ono. Ali ndi sukulu yawo ya oyendetsa ndege ndi malo awo okonzera. Ife, ndi ndege zathu zochepa za Boeing 737 ndi Q400, tingasonkhanitse anthu angati pa bwalo la Kamuzu?

Ndiye pali nkhani ya madola, imene kwa ine ndiyo yaikulu. Ngongole kapena lendi ya ndege, mafuta, masipeyala, zonse amalipira m'ndalama zakunja, pamene matikiti ambiri ogulitsidwa kuno amabwera m'makwacha. Kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngongole ya madola ikanakwera usiku umodzi. Ndipo poti boma lili ndi magawo 51 pa 100 m'kampaniyi, zikavuta wolipira ndi ife amisonkho, kuchokera m'thumba lomwelo lomwe mumachokera ngongole za ophunzira ndi mankhwala a m'zipatala.

Ndikumvetsa kuwawa kwake. Kugona pampando ku Addis kapena ku Nairobi kudikira ndege ina n'kotopetsa, ndipo achikulire amakumbukira nthawi imene British Airways ndi KLM zinkatera ku Lilongwe. Koma magawo 49 otsalawo ndi a Ethiopian Airlines, ndiye ndege zazikulu tili nazo kale kudzera mwa mnzathuyu. Ndalama ikapezeka, ndingakonde ipite ku ndege zina ziwiri zapakatikati, maulendo ambiri a ku Johannesburg, Nairobi ndi Dar es Salaam, ndiponso kukonza bwalo la ku Mzuzu kuti wa ku Mpoto asamayambe ulendo wake ndi basi ya usiku wonse.