Kodi dzino lobooka mankhwala ake n'kuzula basi?

Amene akutuluka m'chipinda cha mano m'zipatala zathu, ambiri amakhala ataluma thonje, dzino lapita. Kodi mano onsewo anali osamatika, kapena chomatira ndicho panalibe?

Luso lomata mano ndi lakale. Mu 1955, Michael Buonocore wa ku America adapeza kuti asidi pang'ono akapakidwa pamwamba pa dzino, pamachita timaenje tosaoneka ndi maso, ndipo chomatira chimalowa m'menemo n'kugwira kolimba. Ndi mmene composite amagwirira, phala looneka ngati dzino lenileni limene dokotala amaliumba pamene pabenthuka n'kuliumitsa ndi kuwala kwa buluu. Koma phalali limafuna magetsi, makina ndiponso dzino louma lopanda malovu. Ndi zipatala zingati zakumudzi zili nazo zonsezi?

Nanga magetsiwo ndi chifukwa chokwanira? M'zaka za m'ma 1980, dokotala wa ku Netherlands, Jo Frencken, adayambitsa ku Tanzania njira yotchedwa ART. Amapala powola ndi tizitsulo tapamanja, n'kusakaniza ufa wa glass ionomer ndi madzi ake, n'kutsindira pabowopo ndi chala chovala gulovu. Chomatirachi chimagwira dzino pachokha ndipo chimatulutsa fluoride woteteza kuti lisawolenso msanga. Pabowo lalikulu sichikhalitsa, koma laling'ono chimalitha bwino. Mu 2021 bungwe la WHO lidachiika pamndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri. Njira yobadwira kwa anansi athu, yokonzedwera malo opanda magetsi, ikulephereranji kufika pachipatala chilichonse chaching'ono?

Nthawi nayo sikudikira. Amalgam, chomatira chotuwa chija, cholimba ndi chotsika mtengo, pafupifupi theka lake ndi mercury. Chifukwa cha mercury ameneyu, pangano la Minamata la mu 2013 lidalamula maiko kuchepetsa kuchigwiritsa ntchito, ndipo maiko a European Union adachiletsa kuyambira Januwale 2025. Makampani akadzasiya kuchipanga, ife tidzamata ndi chiyani? Kodi takonzeka, kapena tidzazindikira katoni yomaliza itatha?

Tiyamike kuti mu 2019 Malawi adayamba kuphunzitsa yekha madokotala a mano a digiri, ndipo mu 2022 boma lidakhazikitsa ndondomeko ya umoyo wa m'kamwa. Koma wophunzira zaka zonsezo akapeza m'kabati muli zozulira zokha, maphunziro akewo apindulira yani? A Unduna wa Zaumoyo, pandalama zogulira mankhwala, gawo la zomatira mano ndi lalikulu bwanji?

Nafenso odwala tisadziyeretse. Kabowo kakayamba kugwira tinyama, timangotokosa ndi kamtengo ka machesi. Dzino likamanyerenyetsa pomwa madzi ozizira, timati lisiya lokha. Tikamafika kuchipatala tsaya litatupa, mtsempha utafa, dokotala amate chiyani? Dzino la munthu wamkulu likachoka silimeranso, ndipo loikirira mtengo wake umaposa wa kumata.

Choncho pitani bowo likadali laling'ono, ndipo musanayasamule kuti azule, funsani kuti, "Adokotala, kodi silingamatike?" Akayankha kuti zomatira palibe, funsolo lipite kwa phungu wanu.