Khadi ya ma disiki siifuna mpando wa kutsogolo

Pa Kulima Tower tonse timalimbirana mpando wa kutsogolo, pafupi na draiva. Nazindikira kuti na mkati mwa kompyuta anthu amacita cimodzimodzi, ndipo nthawi zina amalakwitsa.

Mng'ono wanga ali na ka studio ku Matero, amajambula maukwati na ma kitchen party. Mavidiyo ataculuka, anagula khadi yolumikiza ma hard drive 8, ija amati HBA. Mnyamata wina wokonza makompyuta m'tauni anaona slot yaitali ya PCIe pansi pa khadi ya graphics, basi n'kuikhomeka pamenepo. "Apa ndiye pothamanga, bosi." Kutentha kwa October kutafika, ma drive anayamba kusowa imodziimodzi. Mkati munali ukwati wa eni ake, ndalama analipira kale.

Ine nikuti kutalika kwa slot kusakunamizeni. Slot iliyonse ili na tinjira twa data, ma lane: 1, 4, 8 kapena 16. Pali ma slot ooneka monga x16 koma olumikizidwa ma lane 4 cabe. Unikani na toci, mudzaona tuzitsulo tukuthera panjira. Cina, slot ya pamwamba kambiri imapita mwacindunji ku CPU, pamene za pansi zimadzera ku chipset, kumene zimagawana njira imodzi na USB komanso netiweki, monga mabasi onse a ku Chawama na Chilanga akakumana pa Kafue Roundabout. Zonsezi zinalembedwa m'kabuku ka motherboard, kaja timataya pamodzi na katoni.

Manje tiwerengere. Lane imodzi ya PCIe 3.0 imanyamula pafupifupi 1GB pa sekondi. Hard drive yozungulira ikalimbikira imafika ca m'ma 200MB. Ma drive 8 pamodzi ni 1.6GB, ndiye kuti ma lane 4 akwana na kutsalako. Ma SSD ndiwo nkhani ina: iliyonse ya SATA imafika ca m'ma 550MB, ndipo zikakhala 8 funani slot ya ma lane 8 enieni.

Cimene mnyamata uja sanaganizire ni mphepo. Makhadi awa anapangidwira ma server, mmene ma fan amauzira usana na usiku. Kuipanikiza pansi pa graphics kuli monga kukhazika agogo pampando uja wa pa injini masana. Ikapsa, imayamba kutaya ma drive.

Tinaisamutsira ku slot ya pansi, ija ya ma lane 4 imene iye anainyoza, tinamangirirako ka fan na waya. Ma drive onse 8 anabwerera, ukwati unapelekedwa pa Cisanu. Mnyamata uja titamuuza, anafunsa ngati kabuku kaja tikali nako, akuti afuna kukaona.