Ng'ombe yokhuta mapesi sitipatsa mkaka

Akonzi,

Ndiloleni ndithirepo ndemanga pa dandaulo lomwe timalimva m'chilimwe kwa alimi a ng'ombe zamkaka ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, loti ng'ombe ikudya ndithu koma mkaka watsika.

Vuto n'loti ife timayeza chakudya ndi ndowa kapena mtolo. Akatswiri amayeza mphamvu yomwe yatsala m'thupi akachotsera yotayika mu ndowe, mkodzo ndi mpweya umene ng'ombe imageya. Muyeso wake amautcha megajoule.

Kilogalamu ya mapesi ouma imapereka mamegajoule pafupifupi 7, pomwe ya madeya abwino imaposa 10. Ng'ombe yolemera makilogalamu 400 imafuna pafupifupi 50 patsiku kuti ingokhala moyo, ndi ena 5 pa lita iliyonse ya mkaka. Yotulutsa malita 10 ifuna 100. Pa mapesi okha, apa ndi makilogalamu 14, amene singawamalize patsiku. Ndiye imakhuta koma nkumawonda.

Choncho tisatenthe masangwi a mtedza. Tiwasunge pouma, tibzalenso nsenjere ndi kuidula isanakhwime.

Ndikupempha a Malawi Bureau of Standards kuti aonetsetse kuti thumba lililonse la chakudya cha ziweto lalembedwa mphamvu yake. A ku Bunda ndi ku Chitedze atiyezere zakudya zathu zakumudzi, ndipo alangizi atifotokozere m'Chichewa. Abusa ndi ansembe, kumbutsani akhristu anu kuti mkaka ukatsika, fizi ya ana imasowanso.

Mlimi Wokhudzidwa,
Thyolo.