Makina akuuona moto wolusa, koma auzime ndani?

Mwezi wa Ogasiti ukangolowa, mapiri ambiri m'dziko muno amayamba kuyaka usiku. Anthu a pa Dedza, pa Ntcheu ngakhalenso pa Jenda adazolowera kuona mzere wofiira ukukwera phiri, ndipo kukamacha kumakhala kuli lupsa lokhalokha.

Ena amaloza chala ana osaka mbewa, ena alenje, pomwe ena amati ndi mlimi amene amatentha mapesi moto n'kumupulumuka. Koma pamene anthu akukangana pansi pano, mlengalenga muli makina amene nthawi zambiri amakhala atauona kale motowo.

Makinawa ndi masetilaiti amene amazungulira dziko lapansi atanyamula zida zomva kutentha. Akadutsa pamwamba pa malo amene pakuyaka, amaika kadontho pa mapu. Bungwe la NASA la ku America limaika mapu amenewa pa intaneti kwaulere kudzera mu ndondomeko yotchedwa FIRMS, kawirikawiri pasanathe maola atatu setilaiti itadutsa. Chikangawa, Mulanje, Zomba ndi Dzalanyama onse amaoneka pa mapuwo.

Zithunzi za makinawa zaonetsanso kuti gawo lalikulu la tchire limene limapsa pa dziko lonse chaka ndi chaka lili muno mu Africa.

Dziko la South Africa ndi limodzi mwa maiko amene adayamba msanga kugwiritsa ntchito nzeruzi. M'chaka cha 2004, bungwe la kafukufuku la CSIR mogwirizana ndi kampani ya magetsi ya Eskom lidakhazikitsa ndondomeko yotchedwa AFIS. Vuto la Eskom lidali lakuti moto ukamayaka pansi pa nthambo zikuluzikulu za magetsi, malawi ndi utsi zimachititsa kuti magetsi athime.

Choncho setilaiti ikaona moto pafupi ndi nthambo, kompyuta inkatumiza uthenga pa foni ya m'manja ya wogwira ntchito wa m'deralo, kumuuza pamene pakuyaka. Pambuyo pake eni minda, eni nkhalango ndi ozimitsa moto nawo adayamba kulandira mauthengawa.

Kupatula kuona moto umene wayaka kale, akatswiri amathanso kulosera. Tsiku lililonse a zanyengo m'dzikolo amawerengetsa kutentha, chinyontho cha mu mpweya, liwiro la mphepo ndi masiku amene apita mvula isanagwe. Zonsezi akaziphatikiza amalengeza kukula kwa chiopsezo pogwiritsa ntchito mitundu isanu, kuyambira wa buluu pamene zinthu zili bwino kufikira wofiira pamene kambaliwali kamodzi kangapsereze dera lonse.

Moto ukabuka, makompyuta ena amatha kuyerekeza kumene ulowere poona mphepo, kutsetsereka kwa malo ndi mtundu wa zomera. Moto umathamanga kwambiri pokwera phiri kusiyana ndi potsika, ndipo pa udzu wouma umayenda msanga kuposa mu nkhalango yowirira. Mkulu wa ozimitsa moto akadziwa zimenezi amadziwa kotumiza anthu ake komanso mudzi woyenera kusamutsidwa poyamba.

Ku California nako, kuyambira m'chaka cha 2023 ozimitsa moto adayamba kugwiritsa ntchito makamera oposa 1,000 oikidwa pa nsonga za mapiri, amene kompyuta imawayang'anira usana ndi usiku kusakasaka utsi.

Ngakhale izi zili chomwechi, zimene zidachitika m'tauni ya Knysna ku South Africa komweko zidaonetsa kuti makina paokha sapulumutsa munthu.

Pa 7 Juni 2017, pakati pa chilala chadzaoneni, chimphepo chotentha chidakolezera moto umene udalowa m'tauniyi. Anthu asanu ndi awiri adafa, nyumba zoposa 800 zidapsa ndipo anthu pafupifupi 10,000 adathawa m'makomo mwawo. Izi zidachitika m'dziko limene lidali ndi masetilaiti, ndege zozimitsira moto ndi a zanyengo odziwa ntchito.

Kafukufuku wa CSIR adapeza kuti moto umodzi udayamba ndi mphezi imene idagwa masabata angapo m'mbuyomo, ndipo unkangonyeka pang'onopang'ono mpaka tsiku limene mphepo idaudzutsa. Moto waung'ono ngati umenewu ndi wovuta kuti setilaiti iuone. Mitambo nayo imatchinga, komanso masetilaiti amene amaona bwino kwambiri amangodutsa kangapo patsiku.

Ofufuza ena adapezanso kuti mitengo yobwera monga paini, yodzala komanso yomera yokha mozungulira tauniyi, idawonjezera ukali wa motowo. Paja akuluakulu adati moto umapita kumene kwatsala tchire.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza Malawi. Nkhalango ya Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000, idadzalidwa makamaka ndi mitengo ya paini yomweyo, ndipo kwa zaka zambiri moto wakhala ukuisakaza. Pa phiri la Mulanje, moto ndi mmodzi mwa adani a mbande za mkungudza, mtengo wa fuko lino umene watsala pang'ono kutheratu.

Wotaya si boma lokha. Tchire likapsa, udzu wofolera umasowa ndipo mtengo wake umakwera pamsika. Mlimi wa njuchi amapeza ming'oma yake ili phulusa, kalipentala amagula matabwa modula, ndipo mvula yoyamba ikagwa pa nthaka yopanda chofunda imakokolola dothi kukatsira m'mitsinje ndi m'madamu.

Nanga dziko losauka lingatolepo chiyani? Kugula ndege kapena makamera 1,000 n'kovuta, koma mapu a masetilaiti ndi aulere. Mapuwa amasunga mbiri ya zaka zoposa 20, kotero alangizi a zankhalango angathe kuona malo amene amapsa chaka chilichonse komanso mwezi umene amapsa. Pamenepo ndi pamene payenera kulambulidwa njira zotchinga moto m'miyezi ya Meyi ndi Juni, kapena kutentha tchire mwadala udzu usanaumitsitse.

Nthambi yoona zanyengo imalengeza kale za mvula ndi mphepo ya mwera pa wailesi pofuna kuchenjeza asodzi. Chenjezo la moto likhoza kuyenda njira yomweyo, kuti tsiku la mphepo yaukali munthu asayatse m'munda.

Chovuta chachikulu chili pakati pa uthenga ndi moto weniweniwo. Galimoto zozimitsa moto n'zochepa ndipo zimapezeka makamaka m'mizinda, kutali ndi mapiri amene amayaka. Ku South Africa lamulo la m'chaka cha 1998 limakakamiza eni malo kulambula m'malire mwawo ndipo limawapatsa mwayi wopanga magulu othandizana kuzima moto. Kuno lamulo la nkhalango la m'chaka cha 1997 lidapereka mpata wa makomiti a m'midzi osamalira zachilengedwe. Amenewa, pamodzi ndi mafumu, ndiwo oyenera kulandira uthenga pa foni, kukhala ndi zikwanje ndi zophumira moto, komanso kudziwiratu woti aimbe belu.

Setilaiti idzaonetsa kadontho kofiira pa phiri la Dedza mwezi wa Okutobala ukubwerawu. Kuti kadonthoko kasafike ku nkhokwe za anthu, zidzatengera ngati mudzi udalambula m'mwezi wa Juni.